Wosula Zitsulo ndi Kabokosi ka Zipolopolo

Inu a m'midzi ya ku Machinga ndi ku Balaka, mwezi uno tifuna kukamba nanu mlandu umene unatigwera ife tomwe tisanaukonzekere, ndimo unatisowetsa tulo masiku angapo. Si mlandu wa ukwati, kapena wa mowa, kapena wa malire a munda, monga mirandu imene tinazolowera kuimva pa khonde la tchalitchi. Ndiwo mlandu wa kachitsulo kakang'ono, kokhota monga nthochi, kamene mwana angathe kukanyamula ndi dzanja limodzi. Tinayamba takayika ngati nkoyenera kuulemba m'kalata ya mabanja. Koma popeza amisiri osula ndi owotcherera zitsulo ali ambiri mwa Akristu athu, kuyambira ku Phalula kufikira ku Ntaja ndi ku Nsanama, taona kuti kukhala chete kwathu kungapweteketse wina.

Tsiku lina la Mulungu, titatsiriza mapemphero pa tchalitchi china chaching'ono cha kumadzulo kwa Shire, anthu onse atabalalika, panatsala bambo mmodzi, Mkristu wokhulupirika, mwini ana asanu. Nchito yache ndiyo kusula makasu ndi nkhwangwa, kupanga mbaula, ndi kuwotcherera njinga ndi ngolo pa msika wina wa m'mbali mwa mseu. Dzina lache sitilitchula, pakuti anatipempha chomwecho. Anakhala pa njerwa, chipewa chiri m'manja, nafunsa za moyo wa kunyumba, za mvula, za mtengo wa feteleza, monga achita munthu amene ali ndi mau olemera ndimo ayamba wawazungulira. Potsiriza anati:

"Aphunzitsi, ndifunseko. Munthu akasula mpeni, wina nakapha nao mnzache, tchimo liri kwa yani?"

Ife tinati: "Liri kwa wakuphayo, bambo. Mpeni usulidwa kuti udule ndiwo."

Iwo anati: "Chabwino. Nanga munthu akapanga kabokosi?"

Ndimo anatifotokozera. Lachitatu la sabata lomwelo, dzuwa litapendeka, kunafika mlendo pa njinga yamoto, munthu waulemu ndi wobvala bwino. Anadikira kufikira anthu onse a njinga zao atachoka, namasula thumba, naturutsamo kabokosi kachitsulo, kadzimbiri ndi kophwanyika pakamwa pache. Anati kameneka katopa, ndimo afuna ena anai ofanana nako. Mtengo umene anautchula unaposa ndalama zimene bamboyo apeza pa makasu ndi mbaula za miyezi iwiri, ndimo theka lache analisiya pomwepo monga chikole, nati adzabwera Loweruka la sabata lachiwiri. Tsono mwana wamkazi wa bamboyo anali atasankhidwa kupita ku sekondale, ndimo ndalama ya sukulu, ya yunifomu ndi ya bulangeti inali isanaoneke.

"Ine sindipanga mfuti, aphunzitsi," anatero bamboyo. "Mulibe onga, mulibe chipolopolo. Ndi bokosi chabe, monga bokosi la fodya. Ndimo mphwanga wandionetsa pa lamya yache Azungu a ku America alikupanga zomwezi m'nyumba zao, nadzijambula, osaopa kanthu."

Tibvomere pamaso panu kuti tinasowa choyankha. Ku seminale tinaphunzira Katekisimu, ndi mbiri ya Eklezia, ndi Chilatini pang'ono, koma za mfuti palibe anatiphunzitsa. Tinangowapempha kuti asayatse moto pa chipala chifukwa cha nchitoyo kufikira titaonananso. M'mawa mwache tinapalasa njinga kupita kwa mkulu wina wa mpingo amene anagwira nchito ya upolisi zaka zambiri napuma, ndimo zimene tiri kulemba pano za lamulo tinayamba kuzimva kwa iyeyo.

Poyamba timvetsane za kabokosiko. Asilikari akatcha magazini. Ndimo mukhala zipolopolo, zosanjikizana, ndimo kabokosiko kalowetsedwa kunsi kwa mfuti, kuti chipolopolo chimodzi chikaturuka, china chikwere chokha m'malo mwache. Mfuti ya gogodela, imene akuru athu anaidziwa, iomba kamodzi. Pamenepo mwini wache ayenera kuima, kuthira onga kukamwa kwache, kutsendera, ndi kukonza zonse, ndimo m'nthawi imeneyo nyama yathawa, munthu wabisala, ngakhale mkwiyo womwe nthawi zina wazirala. Koma mfuti ya nkhondo yotchedwa AK-47 ilandira zipolopolo 30 m'kabokosi kamodzi, nizilavula zonse munthu asanathe kupemphera Tikuoneni Maria. Popanda kabokosiko mfuti yoopsayo isanduka yoomba kamodzikamodzi, yongoposa gogodela pang'ono. Chotero amene anena kuti ndi bokosi chabe afanana ndi munthu wonena kuti mano a ng'ona ndi mafupa chabe.

Tsopano lamulo. M'dziko lathu za mfuti ziweruzidwa ndi Lamulo la Mfuti limene Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 1967. Mutu wache ndi wosabvuta kumva. Munthu sakhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chiphaso cha Boma, chimene chidzera kwa apolisi, ndimo mfutiyo ilembedwa m'kaundula pamodzi ndi nambala yache ndi dzina la mwini wache. Munthu sagulitsa mfuti monga agulitsira mbuzi, kwa yense amene wafika ndi ndalama. Malonda amenewo ali ndi chilolezo chao. Munthu sapanga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo, ndimo chiphaso cha msika chimene mmisiri alipira kwa khonsolo kuti awotcherere njinga sichifika kumeneko konse. Mfuti za nkhondo zolavula zipolopolo mosalekeza, monga AK-47 ija, sizili za munthu wamba. Ndimo chimene chinatsegula maso athu ndi ichi: lamulo potchula mfuti silinena za mfuti yathunthu yokha iai, liwerengera pamodzi ndi ziwalo zache.

Mkulu uja anaseka pang'ono pamene tinamuuza mau a bokosi la fodya. Anati: "Aphunzitsi, pa bwalo sadzafunsa ngati munaombera munthu. Adzaika kachitsuloko pa tebulo, nafunsa kuti chilolezo chanu chiri kuti. Ndimo mwini mfutiyo akagwidwa, mau ache oyamba adzakhala dzina la amene anampangira, pakuti munthu womira agwira chirichonse."

Si dziko lathu lokha limene liona chomwecho. Mu August 2001 atsogoleri a maiko a kumwera kwa Africa, a bungwe la SADC, anasonkhana mu mzinda wathu wa Blantyre, nasaina pangano la kuletsa mfuti zosaloledwa. M'panganomo anatchula zinthu zitatu pamodzi: mfuti, zipolopolo, ndi zipangizo zina zimene mfuti sigwira nchito popanda izo, nagwirizana kuti kupanga kapena kugulitsa zimenezi mobisa ukhale mlandu m'maiko ao onse. Chotero munthu asaganize kuti akaolokera ku Mozambique kapena ku Zambia ndi katundu wotere wapulumuka.

Za Azungu a pa lamya aja tingoti mau pang'ono. Ku America malamulo a mfuti asiyana chigawo ndi chigawo, ndimo anthu akumeneko akangana za iwo chaka ndi chaka. Mu 1994 Boma lao lalikuru linaletsa kupanga ndi kugulitsa mabokosi atsopano olowa zipolopolo zopitirira 10; lamulolo linatha mphamvu mu 2004, koma zigawo zina monga California ndi New York zinasunga chiletso chao. Tsono ngakhale komweko chimene chiloledwa tsidya lino la malire chimangitsa munthu tsidya linalo. Ndimo mulimonse, majisitireti wa ku Liwonde kapena wa ku Balaka saweruza ndi malamulo a ku Texas.

Pali ena, makamaka achinyamata ophunzira, amene anena kuti malamulo onsewa ndi a atsamunda, opangidwa kuti munthu wakuda akhale wopanda chida. Mau amenewa tisawataye msanga, pakuti muli choona pang'ono. Tiyeni tibwerere m'mbuyo. M'zaka za m'ma 1800 dziko lino la pakati pa nyanja ya Malombe, nyanja ya Chilwa ndi mtsinje wa Shire linali njira yaikuru ya malonda a kugombe. Amalonda anatsika ku Kilwa ndi ku Quelimane ndi minyanga ya njobvu ndi anthu omangidwa m'magoli, nabwerako ndi nsaru, mikanda, mfuti ndi onga. Mfumu imene inali ndi mfuti zambiri inagwira anthu ambiri, ndimo anthu ambiriwo anagula mfuti zinanso. David Livingstone pokwera Shire mu 1859 anaona chiyambi cha zimenezi. M'masiku omwewo amisiri athu, amene kale anadziwa kuyenga chitsulo m'ng'anjo, anaphunzira kukonza mfuti zofika kugombezo zikathyoka, ndi pambuyo pache kusula zao. Ndiko kunachokera gogodela.

Mu 1888 Kardinala Lavigerie, amene anayambitsa chipani cha ansembe a White Fathers, anayenda m'mizinda ya ku Ulaya, ku Paris, ku London ndi ku Brussels, nalalikira za kuipa kwa ukapolo wa mu Africa. Ansembe ache anafika kwa Mponda mu December 1889, nakhala kumeneko kufikira 1891, alikuona ndi maso ao akapolo, mfuti ndi nkhondo za mafumu. Mu 1890 maiko a Azungu anapangana ku Brussels kuti mfuti zamakono zisagulitsidwenso kwa anthu a m'chigawo chachikuru cha Africa, koma mfuti zachikale zokha ndi onga wamba. Ndimo Harry Johnston atakhazikitsa Boma la Angerezi kuno mu 1891, anathira nkhondo mafumu amene anali ndi mfuti; mu 1895 linga la Kawinga pa phiri la Chikala linagwa, ndimo chaka chomwecho anagonja Jalasi, Mponda ndi Makanjira.

Kodi Angerezi anachita zimenezi ndi chifundo chokha? Ife sititero. Anafuna kuthetsa ukapolo, inde. Koma anafunanso kuti mfuti ikhale m'manja mwao mokha, kuti msonkho ukhomedwe popanda wokana. Komatu taonani chaka cha lamulo lathu: 1967. Dziko linali litalandira ufulu mu 1964. Amene anakhala m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba anali ana a dziko lino, ena a iwo zidzukulu za anthu amene anathawira m'mapiri poopa mfuti za amalonda, ndimo iwowo sanatsegule chitseko kuti mudzi uli wonse usule zida zache. Maboma asintha kangapo chiyambire pamenepo, a chipani chimodzi ndi a zipani zambiri, ndimo palibe limene linachitsegula.

Tsono mlendo wa pa njinga yamoto uja, mfuti yache inachokera kuti? Ife sitinamfunse, koma akuru a ku Nayuchi ndi a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta angathe kuyankha. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inathamangitsira kuno anthu oposa 1,000,000, ndimo ambiri a inu munagawana nao minda ndi zitsime. Nkhondoyo inatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 October 1992, limene Akatolika a gulu la Sant'Egidio pamodzi ndi Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira, anathandiza kulumikiza. Anthu anabwerera kwao, koma mfuti zonse sizinabwerere ku nkhokwe za Boma. Zina zinakwiriridwa m'nkhalango, zina zinaoloka malire, zinagulitsidwa, zinabisidwa m'madenga. Papita zaka zoposa 30. Thupi la mfuti yotere lilimba nthawi yaitali, koma kabokosi kache kachita dzimbiri, kaphwanyika, katayika. Ndimo palibe sitolo imene idzagulitsa kena kwa munthu wopanda makalata. Ndicho chifukwa chache munthuyo adza kwa wosula. Sadza chifukwa akonda luso lanu, bambo; adza chifukwa zitseko zonse zoongoka zamtsekera. Mtengo waukuru umene atchula suli wa chitsulo kapena wa makala. Uli wa kukhala chete kwanu.

Ndimo mfuti yotere ikadzuka kutulo, ipita kuti? M'dera lathu lino njira zache ndi ziwiri. Yoyamba ndiyo ya usiku, ya ku golosale, kwa wogulitsa mbeu amene wangolandira ndalama, kwa mnyamata wa kabaza. Za imeneyi sitichulukitsa mau. Maliro ache mwina munakhalapo.

Yachiwiri ndiyo ya ku nkhalango ya Liwonde, imene Boma linaipatula mu 1973 kuti ikhale malo osungira nyama. Pofika mu 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mogwirizana ndi Boma, nkhalangoyo inali yodzala ndi misampha. Alonda achotsamo misampha ya waya yoposa 40,000. Munalinso misampha ya chitsulo yothyola mwendo, ndi mfuti za gogodela, ndimo zimenezi sizigwa kumwamba: pali manja amene anazisula. Chiyambire pamenepo nyama zachuruka. Mu 2019 anabweretsa zipembere 17 kuchokera ku South Africa, ndimo mu 2022 anatengamo njobvu 263 kupita nazo ku Kasungu chifukwa zinali zitachuruka. Lamulo la nyama za kutchire nalonso linakhwimitsidwa mu 2017, kotero kuti wopha njobvu kapena chipembere, kapena wopezeka ndi minyanga, angathe kukhala m'ndende kufikira zaka 30. Kungolowa m'nkhalangomo ndi chida popanda chilolezo ndi mlandu kale. Ndimo kumbukirani kuti alonda amene ayenda usiku m'menemo si alendo. Ambiri ndi ana a m'midzi yathu yomwe, ena tinawaphunzitsa Katekisimu ife tomwe. Chipolopolo choturuka m'kabokosi kosulidwa pa msika wathu chingathe kupeza mmodzi wa iwo.

Pano tiime pang'ono, pakuti tidziwa chimene ena a inu mulikunena m'mtima. Mulikuti: mphunzitsiyu alankhula bwino, koma sanagonepo m'msasa wa kumunda njobvu zirikuthyola chimanga cha chaka chonse usiku umodzi. Tagonamo, abale, ndimo tinaimba zitini kufikira manja anatupa. Tidziwa midzi ya kufupi ndi mpanda imene inalira maliro a anthu opondedwa ndi njobvu, ndi amai amene aopa mvuu ndi ng'ona potunga madzi pa Shire. Mpanda wamagetsi unachepetsa bvutoli, koma sunalithetse konse, ndimo munthu amene munda wache waonongeka apsa mtima poona kuti nyama isamalidwa koposa iye. Dandaulo limeneli ndi loona, ndimo liyenera kunenedwa mokweza, kwa amfumu, kwa akomiti a m'midzi, kwa oyang'anira nkhalango, kwa aphungu, kawiri ndi katatu kufikira amve. Eklezia sanena kuti njobvu iposa munthu. Koma tifunse moona mtima: kodi amene ateteza munda wache asowa mabokosi anai a zipolopolo 30? Kodi adza madzulo, nadikira kuti anthu achoke, asanamasule thumba lache?

Tsiku lachitatu tinabwerera kwa bambo wosula uja, tinawapeza alikupukusa mvukuto, mwana wao wamwamuna alikugwira khasu ndi mbaniro. Atamtuma mwanayo kukagula makala, tinawauza zonse za lamulo. Anamvetsera, nagwedeza mutu, koma tinaona kuti mtima wao sunakhazikike. Anati: "Za ndende ndamva, aphunzitsi. Koma ine ndinafunsa za tchimo. Boma likapanda kundiona, Mulungu atani nane?"

Funso limeneli ndilo linali lathu, ndimo tinayankha monga tinaphunzirira. Eklezia aphunzitsa kuti munthu achimwa ndi dzanja lache, komanso angathe kugawana tchimo la mnzache: pomlangiza, pombvomereza, pombisa, pomthandiza, ngakhale pokhala chete pamene anayenera kunena. Si thandizo liri lonse limene liri tchimo. Wogulitsa machesi sayankha mlandu wa nyumba imene wina waitentha, pakuti machesi ali ndi nchito zabwino zosawerengeka, ndimo wogulitsayo sakadadziwa. Chomwechonso mpeni, chikwanje ndi nkhwangwa. Koma pali zinthu ziwiri zimene zisendeza mthandizi kufupi ndi wochimwayo: ngati chinthucho chiribe nchito yina koma yoipayo, ndi ngati mthandiziyo adziwa, kapena adzitseka maso dala kuti asadziwe. Kabokosi kaja simusungira mchere. Nchito yache ndi imodzi. Ndimo inu, bambo, tinatero, simukadatsala pa tchalitchi anthu atapita mukadakhala kuti simudziwa. Lamulo lachisanu la Mulungu lifikira ndi amene anola chida, alikudziwa kumene chipita.

Tinawauzanso za munthu amene anapanga mfuti ya AK-47 yomweyo, Mikhail Kalashnikov wa ku Russia. Anali mmisiri wa luso lalikuru, ndimo dziko lache linampatsa ulemu wonse. Mfuti yache inafika mpaka pa mbendera ya Mozambique. Zaka zambiri ananena kuti iye anaipanga kuti ateteze dziko lache, ndimo kuti mlandu wa imfa uli kwa andale. Koma atakalamba, miyezi ingapo asanamwalire mu December 2013, analemba kalata kwa Patriarka Kirill, mkuru wa mpingo wa Orthodox wa ku Russia, nanena kuti mtima wache ulikuwawa, nafunsa ngati iye ali ndi mlandu wa anthu onse amene mfuti yache inawapha. Akuru a mpingo wache anamtonthoza, nati iye anatumikira dziko lache. Ife sitimweruza; anapanga poyera, molamulidwa ndi Boma lache, pambuyo pa nkhondo yoopsa. Koma ngati munthu wotere, wa nyota ndi mendulo, anasowa tulo ali ndi zaka zoposa 90, nanga wosula amene apangira munthu wosamdziwa, mobisa, chifukwa cha ndalama ya yunifomu, adzagona bwanji akamva kuti kwa akuti kwaphedwa munthu usiku?

Palinso china chimene amisiri enieni achidziwa koposa ife. Chida chosulidwa pa chipala sichiyesedwa monga chiyesedwa cha ku fakitale. Gogodela aphulika m'manja mwa mwini wache, ndimo m'midzi ya kufupi ndi nkhalango simusowa munthu wopanda zala kapena diso amene safuna kufotokoza bwino chimene chinamchitikira. Kabokosi kopangidwa ndi manja kakakanika pa nthawi imene mwini wache akadalira, munthu wa mfutiyo adziwa njira ya ku nyumba ya amene anampangira.

Tisanatsirize tinene ndi mabanja amene ali ndi gogodela wa agogo m'denga, kapena amene polima kufupi ndi malire anafukula chitsulo cha nkhondo ija. Tidziwa kuti mfuti ya agogo ndi chikumbutso, ndimo ena aiomba pa maliro a mfumu. Koma ukalamba wache suichotsa pansi pa lamulo. Yopanda chiphaso ndi yopanda chiphaso. Musaigulitse, musaipereke kwa wosula kuti aikonze, ndimo musaiponye m'chimbudzi kapena m'dambo kumene ana adzaipeza. Musainyamulenso nokha pa njinga kupita nayo ku polisi, kuti mungakumane ndi chipata cha apolisi pa mseu mau anu asanafike. Yambani mwauza amfumu kapena Bambo Mfumu wa parishi, iwo atsogole kukanena, ndimo apolisi adzanena m'mene chinthucho chidzatengedwere. Chofukulidwa m'munda musachikhudze konse, zina ziphulika. Bungwe la African Union linapatula mwezi wa September chaka ndi chaka, kuyambira 2017, kuti ukhale mwezi wopereka zida zosaloledwa, ndimo ndi nthawi yabwino yofunsira za zimenezi.

Abale athu a ku Mozambique anatitsogolera pa njira imeneyi. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikristu kumeneko, motsogozedwa ndi Episkopi Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, linayamba nchito yosinthanitsa zida ndi zipangizo: munthu anabwera ndi mfuti, nabwerera ndi khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Mfutizo anaziduladula, ndimo amisiri owotcherera anapanga nazo mipando, mbalame ndi mitengo yachitsulo. Zina mwa zimenezi zinafika ku British Museum ku London. Moto wache ndi womwewo umene uli pa misika yathu, ndi manja ofanana ndi a amisiri athu.

Bambo uja sanayankhe tsiku limenelo. Anangoti tipemphere, ndimo tinapemphera pomwepo pa chipala, mvukuto uli chete. Chimene chinawabvuta koposa sichinali kukana nchitoyo, koma kunena. Anaopa, ndimo tisawaseke. Nyumba yao iri pa mseu, chitseko chache ndi cha matabwa. Anagona nalo funsolo masiku awiri, nauza akazi ao, ndimo mai ndiwo anadula mlandu. Anati: "Bambo a ana, ndalama imeneyi ikaphunzitsa mwana wathu, ine sindidzayang'ana satifiketi yache." Lachisanu anapita kwa amfumu, ndimo amfumu anapita nao kukanena kumene kuyenera, natula kabokosi kadzimbiri kaja pamodzi ndi chikole chonse, osachotsapo ngakhale ya sopo.

Loweruka lija mlendoyo sanaoneke. Kaya anamva mphekesera, kaya anapeza wina wompangira, pakuti misika ya pa mseu umenewo ndi yambiri ndimo uli wonse uli ndi chipala chache. Mwana wamkazi uja anachedwa masabata atatu kupita ku sukulu. Akristu a pa tchalitchi chathu anasonkha zimene anatha, amalume ache anagulitsa mbuzi, ndimo amai a bungwe la Amai Akatolika anaitanitsa mbaula 12 kwa bambo ache, kulipiriratu. Anapita ndi bulangeti lakale la kunyumba. Ya teremu yachiwiri sinapezeke, ndimo bamboyo akamva njinga yamoto iima pakhomo madzulo, aturuka ndi nyundo m'manja.